Mabuku Amene Adaloŵa M'nyimbo za Rock

Usiku wa pa 29 September 1967, m'nyumba yojambuliramo nyimbo ya kampani ya EMI pa msewu wa Abbey Road mumzinda wa London, anyamata a gulu la Beatles adali kutsiriza nyimbo yawo yotchedwa "I Am the Walrus". John Lennon adapempha kuti atsegule wailesi, ndipo chilichonse chimene chimveke m'menemo achiloŵetse m'nyimboyo. Posakasaka masiteshoni adapeza nyumba ya mphepo ya BBC ikuulutsa seŵero la William Shakespeare la King Lear, pa gawo lija pamene kapitao woipa mtima, Oswald, akutsirizika atalasidwa. Mau a ochita seŵerowo adaloŵa m'chimbale, ndipo ali momwemo mpaka lero. Womvera watcheru angathe kuwamva chakumapeto kwa nyimboyo, pansi pa phokoso la oimba.

Izi zidachitika mwangozi. Koma pofika chaka chimenecho mabuku adali atayamba kale kuloŵa m'nyimbo za rock mwadala, kudzera pakhomo osati pazenera.

Pachiyambi sizidali choncho. Nyimbo zimenezi zidabadwira ku America m'zaka za m'ma 1950, kuchokera ku maimbidwe a anthu akuda, a blues ndi a m'matchalitchi, osakanikirana ndi nyimbo za alimi achizungu a kumwera kwa dzikolo. Gwero lake lidali pakamwa ndi m'khutu, monga momwe nyimbo za pamtondo kapena za woimba bangwe sizidikira munthu wodziŵa kulemba. Nkhani zake zidali chikondi, magule, galimoto ndi kutopa ndi sukulu. Chuck Berry, amene adali katswiri wopanikiza nkhani yathunthu m'mphindi ziŵiri ndi theka, adachita kuseka poyera nyimbo za anthu ophunzira mu 1956 pa nyimbo yake ya "Roll Over Beethoven". Makolo ndi aphunzitsi adati ili ndi phokoso chabe, lidzatha ikatha nyengo.

Chimene chidasintha zinthu chidayambira kutali ndi magitala. Mu 1944 nyumba ya malamulo ya ku Britain idakhazikitsa lamulo loti maphunziro a sekondale akhale aulere ku England ndi ku Wales, kotero kuti ana a anthu wamba obadwa m'nthaŵi ya nkhondo adakhala pa desiki zaka zambiri kuposa makolo awo. Paul McCartney adaphunzira ku Liverpool Institute, kumene mphunzitsi wake wa Chingerezi adamkondetsa ndakatulo za Chaucer. Lennon adapita ku koleji ya zojambulajambula. Mick Jagger, mwana wa mphunzitsi, adafika mpaka ku London School of Economics asadasiye maphunziro chifukwa cha kuimba. Komanso kuyambira mu 1935 kampani ya Penguin idali kugulitsa mabuku a zikuto zofeŵa pa mtengo wa sikisipensi, ndipo buku lidasanduka chinthu choyenda nacho m'thumba la jekete. Tsono anyamata amene ankamvera zimbale za ku America usiku ndi omwewo amene masana ankaŵerenga.

Woyamba kusonyeza kuti nyimbo yogulitsa ingathe kusenza katundu wolemera adali Bob Dylan, wobadwira ku Minnesota mu 1941. Iye adaŵerenga mlakatuli wa ku France, Arthur Rimbaud, adaŵerenga Jack Kerouac, ndipo adali bwenzi la mlakatuli Allen Ginsberg. Mu 1965, chaka chimene adagwira gitala yamagetsi ndi kukhumudwitsa omtsatira ake akale pa msonkhano wa oimba ku Newport, adatulutsa "Desolation Row", nyimbo ya mphindi 11 imene muli maina a alakatuli T. S. Eliot ndi Ezra Pound pamodzi ndi anthu a m'maseŵero a Shakespeare ndi a m'Baibulo. M'chaka chomwecho gulu la Byrds lidafika pa nambala 1 ku America ndi nyimbo ya "Turn! Turn! Turn!", imene Pete Seeger adapeka potenga mutu wachitatu wa buku la Mlaliki, uja wonena za nyengo ya chinthu chilichonse, n'kungoonjezapo mau oŵerengeka opempha mtendere. Nkhondo ya ku Vietnam idali kukula, ndipo achinyamata adamva m'mau akale aja chinthu chimene alaliki awo sadawauze. Pofika 1967, pa chikuto cha chimbale cha Sgt. Pepper, a Beatles adaika nkhope za alembi monga Edgar Allan Poe, Oscar Wilde, Aldous Huxley ndi Lewis Carroll, ndipo kuseri adasindikiza mau onse a nyimbo zawo kuti anthu aŵerenge ngati ndakatulo.

Carroll ameneyu, mphunzitsi wa masamu ku Oxford amene adalembera ana nthano za mtsikana Alice mu 1865 ndi 1871, ndiye adakumbidwa kwambiri m'nyengo imeneyo. Grace Slick wa gulu la Jefferson Airplane adatenga kalulu woyera, mbozi yosuta fodya ndi bowa wotalikitsa kapena kufupikitsa munthu, n'kupeka "White Rabbit", imene idatchuka mu 1967. Mlandu wake udali wa makolo: iwo eni ndiwo adaŵerengera ana awo nthano za mtsikana womwa ndi kudya zinthu zosadziŵika, tsono adadabwiranji anawo atakula n'kuyamba mankhwala ozunguza bongo? Mlanduwo ndi wochenjera koma si wolungama kwenikweni, pakuti Carroll ankaseŵera ndi nzeru za masamu ndi za chilankhulo, ndipo Alice wake amafunsa mafunso ali maso.

Lennon naye adatenga kwa Carroll chinyama chija cha m'nyanja zozizira, cha minyanga iŵiri, chimene chili m'dzina la nyimbo yake. Akuti adalandira kalata kuchokera kwa mwana wa sukulu yake yakale ya Quarry Bank yomuuza kuti mphunzitsi akumasulira mau a nyimbo za Beatles m'kalasi, ndipo iye adaganiza zolemba zinthu zopanda mutu kuti aone ngati aphunzitsi angazimasulirenso. Koma nayenso adagwa m'mbuna yokumba yekha. M'ndakatulo ya Carroll chinyama chija chimanyengerera tinkhono tating'ono ta m'nyanja kuti tikayende nacho, kenaka n'kutidya chikulira misozi yonama. Mu 1980, chaka chimene adaphedwa, Lennon adavomera kuti adazindikira mochedwa kuti adadzitcha dzina la wakupha wa m'nthanoyo.

Nkhani yozama koposa zonse ndi ya buku limene lidatsala pang'ono kusaoneka konse padziko. Mikhail Bulgakov adali dokotala wobadwira ku Kiev mu 1891, amene adasiya zachipatala n'kukhala mlembi mumzinda wa Moscow. Pofika 1929 boma la Stalin lidali litaletsa maseŵero ake onse. Iye adali atayamba kulemba buku lonena za Satana akucheza mu Moscow, koma mu 1930, chifukwa cha mantha ndi kutaya mtima, adaponya zolembazo pamoto. Pambuyo pake adayambanso, nalemba mobisa kwa zaka khumi akudziŵa kuti palibe wosindikiza amene angalandire. Adamwalira mu March 1940, maso atachita khungu, akuuzabe mkazi wake Elena mau oti akonze. Maiyo adasunga mapepalawo zaka 26. The Master and Margarita idatuluka koyamba m'magazini ya Moskva kumapeto kwa 1966 ndi kumayambiriro kwa 1967, mbali zina zitadulidwa ndi akuluakulu oyang'anira zosindikiza, ndipo mu 1967 momwemo idamasuliridwa m'Chingerezi.

Bukulo limayamba ndi alembi aŵiri atakhala pa benchi m'paki, akutsimikizirana kuti Yesu sadakhaleko. Pakufika mlendo wovala bwino, waulemu, wodzitcha pulofesa, ndipo akuwauza mofatsa kuti iye adalipo pakhonde pamene Pilato ankaweruza mlanduwo. Mlendoyo ndi Satana. Woimba Marianne Faithfull adapatsa Jagger buku limeneli, ndipo mu June 1968 gulu la Rolling Stones lidajambula "Sympathy for the Devil". Jagger mwini wake adatchulaponso mlakatuli Baudelaire monga gwero lina, koma chithunzi cha Bulgakov n'chosabisika: woipayo akudzidziŵitsa yekha mwaulemu ngati munthu wolemera ndi wodziŵa khalidwe, nafotokoza kuti adalipo pa mlandu wa Yesu, pa kuphedwa kwa mfumu ya ku Russia ndi banja lake, ndi pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse. Ali mkati mojambula, Robert Kennedy adaomberedwa ku Los Angeles, ndipo mzere umene unkanena za mkulu wake yekha, pulezidenti wophedwa mu 1963, adausintha kuti unene za onse aŵiri. Nyimboyo idayamba ngati yoimba mwapang'onopang'ono ndi gitala wamba, koma idathera pa ng'oma za samba, ndipo woomba ng'omazo adali Rocky Dijon wa ku Ghana.

Apa mpamene pakuonekera zimene nyimbo imatha kunyamula ndi zimene imasiya. Idanyamula liu la mlendo uja, ndiponso mfundo yoti zoipa zazikulu zimachitika ndi manja a anthu wamba, woipayo akungoonerera. Idasiya nthabwala zoŵaŵa za Bulgakov zoseka alembi odyera m'manja mwa boma. Idasiya chikondi cha Margarita, mkazi wololera kutaya moyo wake kuti apulumutse mlembi wosweka mtima. Idasiyanso Pilato wodwala mutu, amene tchimo lake lalikulu ndi mantha, ndipo woŵerenga wa ku Moscow adadziŵa bwino lomwe kuti mantha amenewo ndi a yani. Ambiri mwa amene adavina nyimboyo sadamve n'komwe dzina la Bulgakov. Ena adati oimbawo ndi opembedza Satana. Mnyamata wina ataphedwa ndi mpeni pa phwando la nyimbo ku Altamont mu December 1969, mbiri idawanda yoti adafa nyimbo imeneyi ikuimbidwa, pamene zoona zake n'zakuti idali nyimbo ina.

Zaka zotsatira zidadzaza ndi zobwereka, zina zakuya, zina zapamwamba chabe. Gulu la Doors lidatenga dzina lake pa mutu wa buku la Huxley la 1954, amene naye adautenga kwa mlakatuli William Blake. A Led Zeppelin adamwaza maina a m'nthano za J. R. R. Tolkien m'nyimbo ngati "Ramble On" ya 1969, monga munthu othira mchere m'ndiwo zakupsa kale. A Pink Floyd, pa chimbale cha Animals cha 1977, adatembenuza nthano ya George Orwell ya Animal Farm: Orwell ankaloza ulamuliro wa Stalin, iwo adagaŵa anthu a m'dziko la Britain lenilenilo m'magulu a agalu, nkhumba ndi nkhosa.

Koma buku lili ndi mwini, ndipo m'maiko amenewo lamulo limateteza zolemba kwa zaka zambiri mlembi atamwalira. David Bowie adafuna kusandutsa buku lina la Orwell, Nineteen Eighty-Four, kukhala seŵero la nyimbo. Orwell adali atamwalira mu 1950, ndipo mkazi wake wamasiye, Sonia, adakana. Nyimbo zimene Bowie adali atapeka kale adaziika pa chimbale cha Diamond Dogs cha 1974, pakati pa nthano ina yopeka yekha. Mu 1983 Frank Herbert adakaniza gulu la Iron Maiden kutcha nyimbo yawo dzina la buku lake la Dune. Chaka chotsatira gululo lidatembenukira kwa mlembi amene sakadatha kukana, Samuel Taylor Coleridge, ndipo lidasandutsa ndakatulo yake ya 1798, yonena za wamalinyero amene adapha mbalame ya m'nyanja popanda chifukwa n'kudzetsera anzake tsoka, kukhala nyimbo ya mphindi zoposa 13. Iwo adatsata nkhaniyo mwadongosolo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo aphunzitsi ena adayamba kuiimba m'kalasi.

Mwa onse obwereka, amene adabweza ngongole mokwanira ndi Kate Bush. Iye ali mtsikana adaona pa wailesi yakanema mphindi zomaliza za seŵero la BBC lochokera m'buku la Emily Brontë la Wuthering Heights. Bukulo lidatuluka mu 1847 pansi pa dzina lachimuna la Ellis Bell, ndipo mlembi wake adamwalira chaka chotsatira ali ndi zaka 30, anthu ambiri akulinyoza kuti ndi lankhanza. Ndi nkhani ya Heathcliff, mwana wotoledwa m'misewu ya Liverpool, ndi Catherine amene adakula naye m'mapiri a mphepo a ku Yorkshire, koma n'kukwatiwa ndi mwamuna wina wachuma. Catherine adafa pobereka, ndipo Heathcliff adatha moyo wake wonse akubwezera chipongwe mabanja aŵiri. Bush, ali ndi zaka 18, adasiya nkhani yonse ya kubwezera ndi ya chuma, natenga chithunzi chimodzi chokha cha kumayambiriro kwa bukulo: mzimu wa Catherine uli pazenera usiku wozizira, ukupempha kuloŵa. M'buku woŵerenga amaona mzimuwo ali mkati mwa nyumba, kudzera m'maso a mlendo wogwidwa ndi mantha. Bush adaimba ali kunja, iye mwini atasanduka mzimuwo, ndi liu lokwera modabwitsa limene anthu ena adaseka poyamba. Akuluakulu a kampani yake adafuna kuyamba ndi nyimbo ina, iye adakakamira. Idatuluka mu January 1978, idakhala pa nambala 1 ku Britain masabata anayi, ndipo adakhala mkazi woyamba kufika pamenepo ndi nyimbo yopeka yekha. Tsiku lake lobadwa, 30 July, ndilonso la Emily Brontë, kusiyana zaka 140.

Chaka chomwecho cha 1978 chidabala nyimbo ina imene idasonyeza kuopsa kwa kudula nthambi ya buku n'kuidzala payokha. Robert Smith wa gulu la Cure adaŵerenga L'Étranger, buku la Albert Camus la 1942. Camus adabadwira ku Algeria m'nthaŵi ya utsamunda wa France. M'bukumo Mzungu wotchedwa Meursault amaombera Mwarabu pagombe la nyanja, popanda chifukwa chomveka koposa kutentha kwa dzuŵa, ndipo bwalo limamuweruza kuti afe makamaka chifukwa sadalire pa maliro a amai ake. Smith adatenga mphindi ya pagombe ija yokha, naitcha "Killing an Arab". Kwa iye idali nyimbo yonena za munthu wosoŵa tanthauzo la moyo. Koma wailesi siulutsa mau a m'munsi ofotokozera. Achinyamata atsankho adayamba kubwera ku maphwando a gululo kudzakuwa mutu wa nyimboyo, ndipo itatulukanso ku America mu 1986, oulutsa ena adaigwiritsa ntchito ponyoza Aarabu. Bungwe la Aarabu a ku America lidadandaula, ndipo gululo lidavomera kumata kapepala pa chikuto chofotokoza kuti nyimboyo ikutsutsa tsankho, n'kupemphanso nyumba za mphepo kuti zileke kuiulutsa. M'zaka za pambuyo pake Smith nthaŵi zina ankasintha mauwo poimba. Komabe sikoyenera kusenzetsa mnyamata wa zaka 19 mlandu wonse, pakuti bala lidali kale m'buku momwemo: Camus sadampatse dzina munthu wophedwayo. Mu 2013 mlembi wa ku Algeria, Kamel Daoud, adalemba buku lofotokoza nkhani yomweyo kuchokera pakamwa pa mng'ono wa malemuyo, namutcha womwalirayo Moussa.

Kate Bush naye adakumana ndi chitseko chotseka. Mu 1989 adapeka nyimbo yoti aikemo mau a Molly Bloom, mkazi amene maganizo ake a usiku amatseka buku la James Joyce la Ulysses la 1922. Osunga chuma cha Joyce adakana, ndipo iye adalemba mau akeake, akuyerekeza Molly akutuluka m'masamba a buku kuloŵa m'dziko logwirika. Nyimboyo ndi "The Sensual World". Patapita zaka 22 adapemphanso, adamlola, ndipo mu 2011 adaijambulanso ndi mau a Joyce, naitcha "Flower of the Mountain". Chilolezocho chidafika patatsala miyezi yoŵerengeka kuti lamulo lileke kuteteza mabuku a Joyce m'maiko a ku Ulaya, popeza adamwalira mu 1941. Omvera ena amati yoyamba ija, yobadwa chifukwa cha kukanizidwa, ndiyo yokoma.

Dylan, amene adatsegula njira, ndiye adafika nayo patali koposa, ndiponso ndiye adanenedwa kwambiri kuti ndi wakuba. Pa chimbale chake cha 2001 anthu adapezamo ziganizo zofanana ndi za m'buku la dokotala wa ku Japan, Junichi Saga, ndipo pa cha 2006 adapezamo za Henry Timrod, mlakatuli wa nthaŵi ya nkhondo yapachiŵeniŵeni ya ku America. Iye adayankha kuti oimba nyimbo zamakolo akhala akuchita zimenezi kuyambira kale, ndipo pamenepo sadaname, ngakhale kuti woimba wa kumudzi salandira ndalama za umwini pa zimene watola. Mu October 2016 bungwe la Swedish Academy lidampatsa mphotho ya Nobel ya zolembalemba, ndipo alembi adagaŵanika, ena akuti mlakatuli woimba wabwezeredwa ulemu wake wakale, ena akuti olemba mabuku alandidwa nsima pakamwa. Dylan adakhala chete masabata aŵiri, ndipo ku mwambo wa mu December ku Stockholm sadapite. Patti Smith ndiye adakaimba nyimbo yake. Lamulo la mphothoyo limati wopambana akambe nkhani yake pasadathe miyezi isanu ndi umodzi kuti alandire ndalama, zimene chaka chimenecho zidali makrona 8 miliyoni. Adatumiza yake yojambulidwa pa tepi mu June 2017, kutatsala masiku oŵerengeka. M'menemo adati nyimbo n'zoimba osati zoŵerenga, ndipo adatchula mabuku atatu amene adamkhala mumtima kuyambira ali pa sukulu: Moby-Dick, All Quiet on the Western Front ndi Odyssey. Sipadapite sabata ziŵiri, mlembi wina wa ku America adasonyeza kuti ziganizo zingapo za m'gawo lonena za Moby-Dick zidali zofanana kwambiri ndi za m'timabuku tachidule timene ana a sukulu amaŵerenga pothaŵa buku lenileni.